Kodi Mwana Angatchedwe Nkhosa? Za Dzina Loti Aries

Pa mayina amene makolo a ku America amapatsa ana awo pali kagulu kena kakang'ono ka mayina otengedwa ku nyenyezi za kuthambo, ndipo limodzi mwa mayinawo ndi Aries. Ndi dzina losowa, lalifupi, lomveka bwino m'kamwa mwa Mngerezi, ndipo limapatsidwa kwa mwana wamwamuna ngakhalenso wamkazi. Anthu amene amasonkhanitsa mayina a makanda m'mabuku ndi pa intaneti amalitamanda kwambiri. Iwo amati mwana wotchedwa Aries adzakhala wolimba mtima, wotsogolera anzake, wosabwerera m'mbuyo pa chimene watsimikiza. Popeza masiku ano mndandanda wa mayina wolembedwa ku New York umawerengedwa tsiku lomwelo pa foni ku Ntcheu, ndaona kuti n'koyenera kuti dzinali tilisende monga tisendera chinangwa, tione chimene chili m'kati mwake. Ndikulankhula makamaka ndi inu amene mwangomaliza sukulu, pakuti sipapita zaka zambiri musanafunsidwe kuti mwana amene watuluka m'chikutayo ndani, ndiponso ndi aphunzitsi anzanga amene m'mawa uliwonse timaitana mayina a ana a eni.

Aries ndi liwu la Chilatini ndipo tanthauzo lake ndi nkhosa yamphongo, basi. Aroma ankatchulanso ndi liwu lomweli chimtengo chachikulu cha mutu wachitsulo chimene asilikali ankagumulira malinga a mizinda ya adani, chifukwa chinkagunda monga igundira nkhosa. Anthu ena amasokoneza dzinali ndi Ares, mulungu wa nkhondo wa Agiriki, koma awa ndi mawu awiri a zinenero ziwiri, ofanana pomveka pokha. Chisokonezocho chimakula chifukwa openda nyenyezi amati chizindikiro cha Aries chimalamulidwa ndi pulaneti ya Mars, ndipo Mars ndiye adali mulungu wa nkhondo wa Aroma. Choncho kulimba mtima kumene ogulitsa mayina amanena sikupezeka m'liwulo ayi, kudachita kuphatikidwapo pambuyo pake.

Kuti timvetse mmene nkhosa idakwerera kumwamba, tiyenera kuyamba tadziwa chinthu chimene Angerezi amati zodiac, liwu lochokera ku Chigiriki lotanthauza bwalo la tinyama. Munthu akamayang'ana kuthambo chaka chonse amaona kuti dzuwa, mwezi ndi mapulaneti zimayenda m'kanjira kamodzi, ngati lamba wozungulira thambo lonse. Anthu a ku Babylon, m'dziko limene lero ndi Iraq, adagawa lamba ameneyu m'zigawo 12 zofanana zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, ndipo chigawo chilichonse chidatenga dzina la gulu la nyenyezi lopezeka pamenepo. Agiriki adalandira nzeruyi kwa iwo. Ptolemy wa ku Alexandria, amene adakhala m'zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, adailemba m'buku lotchedwa Tetrabiblos, limene openda nyenyezi adalidalira kwa zaka zoposa 1,000. Aries ndicho chigawo choyamba, ndipo amati munthu wobadwa kuyambira pa 21 Malichi mpaka pa 19 Epulo ndi wa chigawo chimenechi.

Pali chinthu china chimene mabuku a mayina sanena. Eni nzeruyi, anthu a ku Babylon, poyamba sankaona nkhosa pa nyenyezi zimenezi. Pa mapale awo adongo gululi lidalembedwa ndi dzina lotanthauza munthu wolembedwa ntchito ya m'munda, ndiye kuti m'chinenero chathu tingoti Waganyu. Ndikadakhala wogulitsa mayina, inenso sindikadaulula zimenezi, pakuti ndi kholo liti lingakondwe kumva kuti dzina lodula lija likutanthauza wolima m'munda wa mwini? Komabe kwa ine tanthauzo lakaleli n'lolemekezeka, chifukwa likusonyeza kuti anthu oyamba kutchula nyenyezizo adali alimi amene ankayang'ana kumwamba pofuna kudziwa nyengo ya ntchito.

Nkhosa yotchuka ndi ya m'nthano ya Agiriki, ndipo nthanoyo ikadasimbidwa pa bwalo la kwathu usiku wa mwezi palibe akadaiona yachilendo. Padali mfumu dzina lake Athamas imene idali ndi ana awiri, mnyamata Phrixus ndi mtsikana Helle. Mfumuyo idasiya mayi wa anawo n'kukwatira mkazi wina, Ino, amene adadana nawo ana opezawo. Mkaziyu adanyengerera amayi a m'dzikomo kuti akazinge mbewu mobisa asanazipereke kwa amuna awo kuti akabzale. Mbewu yokazinga simera, motero njala idagwa. Mfumu itatuma anthu kukaombeza, Ino adawapatsa chiphuphu kuti akanene kuti njala idzatha pokhapokha Phrixus ataperekedwa nsembe. Mnyamatayo ali pafupi kuphedwa, padatulukira nkhosa yamphongo ya ubweya wagolide, yotha kuuluka, imene idabereka ana awiriwo n'kuthawa nawo. Ali m'njira Helle adagwera m'nyanja pa malo amene Agiriki adawatcha Hellespont, amene lero amatchedwa Dardanelles, ku Turkey. Phrixus adafika bwino ku Colchis, m'dera limene lero ndi dziko la Georgia. Ndipo atafika adachita chiyani? Adaipha nkhosa imene idamupulumutsayo n'kuipereka nsembe kwa Zeus, chikopa chake n'kuchipereka kwa mfumu ya kumeneko. Chikopa chimenechi ndicho chimene Jason ndi anzake adadzachilondola pa ulendo wawo wotchuka uja. Taonani tsono, owerenga: nkhosa ya m'nthanoyi sidatsogolere gulu lankhondo, sidalamulire munthu. Idanyamula ana a eni pamsana, ndipo malipiro ake adali mpeni.

Nanga dzina la nyama yotereyi lidafika bwanji pa makanda? Kwa zaka mazana ambiri kupenda nyenyezi idali ntchito ya akatswiri ochepa amene ankawerengera tsiku, ola ndi malo obadwira munthu mmodzi, kawirikawiri mfumu kapena munthu wachuma. Zinthu zidasintha mu Ogasiti 1930, pamene nyuzipepala ya Sunday Express ya ku London idapempha R. H. Naylor kuti alosere za tsogolo la mwana wamkazi wa banja lachifumu, Margaret, amene adali atangobadwa kumene. Owerenga adaikonda nkhaniyo, Naylor adapatsidwa danga lake la sabata ndi sabata, ndipo patapita zaka zingapo adayamba kugawa anthu onse m'magulu 12 potengera tsiku lobadwa lokha. Apa ndiye padabadwira ula wa m'nyuzipepala umene timauona kumasamba akumapeto, pafupi ndi nkhani zamasewera. Mu 1968 buku la Linda Goodman lotchedwa Sun Signs lidagulidwa kwambiri ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1970 achinyamata a kumeneko ankafunsana chizindikiro chawo monga ife tifunsirana mfunda. Munthu akazolowera kunena kuti "ine ndine Aries", sipatenga nthawi kuti wina aganize zolemba liwu lomwelo pa chikalata cha kubadwa kwa mwana.

Ngakhale zili choncho, dzinali silidafale. Boma la America, kudzera ku ofesi yake ya Social Security Administration, limasindikiza chaka ndi chaka mndandanda wa mayina a ana obadwa kumeneko, ndipo kaundula wake amayambira mu 1880. M'dziko limene mudabadwa ana pafupifupi 3.6 miliyoni mu 2023, Aries amapatsidwa kwa ana mazana ochepa chabe pa chaka, ndipo sadayandikirepo mayina 100 oyambirira. Yerekezani ndi mbale wake Leo, kutanthauza mkango, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 adali pakati pa mayina 50 oyambirira a anyamata ku America, ndi pakati pa mayina khumi oyambirira ku England ndi Wales. Koma Leo sadakwere chifukwa cha nyenyezi. Lidali dzina la anthu kuyambira kale: Papa Leo Wamkulu adatsogolera mpingo kuyambira mu 440 mpaka 461, ndipo amene adasankhidwa pa 8 Meyi 2025 adakhala wa nambala 14 kutenga dzinalo. Makolo ambiri otcha mwana Leo sakumbukira n'komwe kuti kumwamba kuli mkango.

Zizindikiro zina zija zidalephereratu kulowa m'nyumba. Palibe amene afuna kutcha mwana wake Cancer, pakuti ngakhale liwulo limatanthauza nkhanu, ndi dzina lomwelo la nthenda yoopsa ija. Scorpio ndi chinkhanira, Libra ndi sikelo, Capricorn ndi mbuzi ya mchira wa nsomba. Virgo ndi namwali, ndipo pano mpamene ife tidawaposa osadziwa, chifukwa Namwali ndi dzina la munthu ndithu kuno kwathu kuno: mlembi wotchuka Namwali Serpell adabadwira ku Lusaka mu 1980. Chimene chidapulumutsa Aries pakati pa anzake onsewa, monga ndikuonera ine, ndi kamvekedwe kake. Limafanana ndi mayina ena amene Angerezi adawazolowera kale, monga Ariel ndi Aria, kotero kuti khutu limalilandira mutu usanafunse tanthauzo.

Kusowa kwakeko ndiko malonda ake. Kholo lamakono la ku America limaopa kuti mwana wake angadzakhale Liam wachitatu kapena Olivia wachinayi m'kalasi, pakuti mayina awiriwa adatsogola pa mndandanda zaka zingapo zotsatizana kuyambira mu 2019. Choncho limafunafuna dzina limene wina aliyense alibe. Vuto lake n'lakuti makolo onse ofuna dzina losowa amawerenga mindandanda yomweyo, ndipo dzina likatamandidwa kuti n'losowa limakhala layamba kale ulendo wosiya kusowa.

Anthu odziwika otchedwa Aries alipo owerengeka, ndipo atatu mwa iwo akutiphunzitsa kanthu. Aries Spears, wanthabwala wa ku America, adabadwa pa 3 Epulo 1975, m'kati mwenimweni mwa chizindikirocho ndi m'zaka zimene mwambowu udali pachimake. Aries Susanti Rahayu wa ku Indonesia, mtsikana amene mu 2019 adakhala mkazi woyamba kukwera khoma la mpikisano la mamita 15 m'masekondi osakwana 7, adabadwa pa 21 Malichi 1995, tsiku loyamba la chizindikirocho. Koma Aries Merritt, amene adapata mendulo yagolide pa mpikisano wothamanga molumpha zotchinga wa mamita 110 pa masewera a Olympic ku London mu 2012, naswanso mbiri ya dziko lonse chaka chomwecho ndi masekondi 12.80, adabadwa pa 24 Julaye 1985. Malinga ndi openda nyenyezi iye ndi Leo. Liwiro lake lidachokera ku miyendo yake ndi kwa omuphunzitsa, ndipo nkhosa ya kumwamba idalibe naye kanthu.

Tsono ndifike pa mfundo imene ophunzira a sayansi ayenera kuigwiritsa. Dziko lathu likamazungulira limapendamanso pang'onopang'ono monga ichitira nguli ikayamba kutopa, ndipo kupendama kumodzi kumatenga zaka pafupifupi 26,000. Hipparchus, katswiri wa Chigiriki, adazindikira zimenezi zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe. Zotsatira zake n'zakuti malo amene dzuwa limaonekera pakati pa nyenyezi pa tsiku lakutilakuti amasuntha digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Zaka 2,000 zapitazo dzuwa linkakhaladi pafupi ndi nyenyezi za nkhosa kumapeto kwa Malichi. Lero pa 21 Malichi dzuwa limakhala pa nyenyezi za Pisces, nsomba, ndipo limalowa pa nyenyezi za Aries cha pa 19 Epulo n'kutulukapo chapakati pa Meyi. Ndiye kuti pafupifupi mwana aliyense wotchedwa Aries chifukwa cha tsiku lake lobadwa adabadwa dzuwa lili pa nsomba.

Openda nyenyezi a ku Ulaya ndi ku America amadziwa zimenezi, ndipo ali ndi yankho lake. Amati zizindikiro zawo sizitsata nyenyezi zenizenizo koma nyengo za chaka, ndipo Aries amayamba pa tsiku limene usana ndi usiku zimalingana, chisanu chikamatha, mitengo ikamaphuka, nkhosa zikamaswana. Amati n'chifukwa chake munthu wa Aries ndi woyambitsa zinthu, wodzaza ndi mphamvu za moyo watsopano. Yankholi ndi lomveka kwa munthu wa ku Greece kapena ku England. Koma kwa ife okhala kumwera kwa equator likungoonjezera vuto. Kuno kumapeto kwa Malichi ndi Epulo mvula imakhala ikutsazika, chimanga chikukhwima, ana akuotcha mondokwa, ndipo kutsogolo kukubwera chisanu cha Juni. Nyengo yathu ya moyo watsopano ndi Novembala ndi Disembala, mvula yoyamba ikagwa. Ngati chizindikirocho chimatsata nyenyezi, masiku ake adalakwika. Ngati chimatsata nyengo, nyengoyo ndi ya eni ake akumpoto. Mwana wobadwira ku Mchinji pa 1 Epulo sakupezeka mbali iliyonse mwa ziwirizi.

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, mukulimbana ndi chiyani? Anthu amangosewera, ndipo nthawi zina zimene zimalembedwazo zimagwirizanadi ndi khalidwe la munthu." Zoti zimagwirizana ndikuvomera, ndipo chifukwa chake chidapezeka kale. Mu 1948 mphunzitsi wina wa maphunziro a maganizo a anthu ku America, Bertram Forer, adapatsa ophunzira ake aliyense pepala lofotokoza khalidwe lake, nawapempha kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5 posonyeza mmene pepalalo lalondolera. Malikisi apakati adali 4.3. Pambuyo pake adawaululira kuti onse adalandira mawu amodzimodzi, amene ambiri mwa iwo adawatola m'kabuku ka openda nyenyezi. Mawu onena kuti nthawi zina umadzikayikira, kapena kuti uli ndi luso limene sunaligwiritse ntchito, amakwana aliyense ngati chitenje. Mu 1985 magazini ya sayansi ya Nature idasindikiza kafukufuku wa Shawn Carlson, amene adapempha openda nyenyezi odziwika kuti asankhe, pa mafotokozedwe atatu a khalidwe, amene adali a mwini tsiku lobadwa limene adapatsidwa. Adalondola pafupifupi kamodzi pa katatu, chimodzimodzi munthu wongolota.

Zoti ndi masewera chabe ndiye ndikukana, ndipo apa mpamene pagona nkhawa yanga. Nyenyezi zilibe mphamvu pa mwana, koma anthu okhulupirira nyenyezi ali nayo. Ku Japan kudali chikhulupiriro chakuti mtsikana wobadwa m'chaka cha Hatchi ya Moto, chimene chimabwera kamodzi pa zaka 60, amakhala waukali ndipo amafupikitsa moyo wa mwamuna wake. Chaka choterocho chidali 1966, ndipo chiwerengero cha ana obadwa chidatsika kuchoka pa 1.8 miliyoni mu 1965 kufika pochepera 1.4 miliyoni. Limeneli lidali dziko la mafakitale ndi masukulu apamwamba.

Chitsanzo china chili pafupi ndi ntchito yathu ya uphunzitsi. Pakati pa Aashanti a ku Ghana mwana amatchedwa dzina la tsiku limene wabadwa. Kofi Annan adatchedwa Kofi chifukwa adabadwa Lachisanu, pa 8 Epulo 1938. Anthu a kumeneko ankakhulupirira kuti mnyamata wa Lolemba, Kwadwo, amakhala wofatsa, pamene wa Lachitatu, Kwaku, amakhala wandewu. Mu 1954 Gustav Jahoda adasindikiza zimene adapeza atafufuza m'mabuku a bwalo loweruza milandu ya ana. A Kwadwo adapezekamo ochepa kuposa mmene chiwerengero chawo chikadalolera, ndipo a Kwaku adachuluka makamaka pa milandu yovulaza anthu. Kafukufukuyu adali wa dera limodzi, ndipo sitiyenera kumusenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Komabe palibe munthu wanzeru anganene kuti Lachitatu lili ndi ululu. Chimene chikuoneka n'chakuti mwana amene wauzidwa kuyambira ali kumsana kuti ndi wandewu, amene akamenya mnzake akulu amangoti "ndi mmene adabadwira", amakula kulowa m'dzina lake monga phazi lilowera mu nsapato.

Mabuku omwe aja otamanda Aries kuti ndi wolimba mtima amanenanso kuti ndi wopupuluma, wosachedwa kupsa mtima, wosamva za anzake. Mwana wotchedwa Chikondi akaba cholembera cha mnzake timamudzudzula osaganiza za dzina lake. Koma mwana amene dzina lake lenilenilo ndi chizindikiro cha nyenyezi amayenda atanyamula chiweruzo pamphumi. Akachita bwino ati ndi nyenyezi, ndipo khama lake silitamandidwa. Akalakwa atinso ndi nyenyezi, ndipo sipakhala womuongola. Pajatu akuluakulu adati mmera mpoyamba. Aphunzitsi anzanga mukudziwa mmene timachitira tikangomva m'chipinda cha aphunzitsi kuti mwana wakutiwakuti ndi wovuta: timayamba kumuona wovuta tisanamuphunzitse ngakhale tsiku limodzi.

Ndikudziwa kuti pali amene akonzeka kundibweza ndi mayina athu omwe. Adzati, nanga Mavuto, Masautso, Maliro, Ndaziona, Mwandida, amenewa si katundu pamutu pa mwana? Ndi katundu ndithu, ndipo sindiikira kumbuyo kholo lotcha mwana dzina lotukwanira mnansi kapena mkazi mnzake. Mwana si chikwangwani cholembapo milandu ya akulu. Koma pali kusiyana kumene sitiyenera kukuphonya. Mayina athu ambiri amanena zimene zidachitika: mwanayu adabadwa m'chaka cha njala, adabadwa anzake atatsogola kumanda, adabadwa banja litayanjananso. Ena ndi pemphero kapena langizo, monga Madalitso, Limbani, Pilirani, Tiyanjane. Mavuto akafunsa agogo ake, amauzidwa nkhani yoona ya banja lake, ndipo palibe amene amati iyeyo ndiye adzakhale wovuta. Dzina la Aries likadakhala longokumbutsa mwezi wobadwa, monga Kofi likumbutsira Lachisanu, ndikadangoti zili kwa mwini mwana. Chondivuta n'chakuti amaligulitsa pamodzi ndi ulosi wa khalidwe, ulosi umene taona kuti ulibe maziko.

Kumbukiraninso kuti kale dzina la ubwana silinkakhala mpaka imfa. Mwana akatha msinkhu ankalandira lina ku chinamwali, ndipo kumutchula dzina lakale kudali kumunyoza. Lero zinthu zidasintha. Dzina lolembedwa pa chikalata cha kubadwa ndi lomwelo lidzalembedwe pa satifiketi ya mayeso, pa chiphaso cha unzika ndi pa kalata yofunsira ntchito, ndipo aliyense amene adayesapo kukonzetsa chilembo chimodzi cholakwika pa mapepala otere akudziwa kutalika kwa ulendo wake.

Pamenepa pakubweranso nkhani ya lilime. M'Chichewa liwu lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo l ndi r timazisinthanitsa osaona vuto. Mngerezi akatchula Aries, khutu la kwathu limamva Erizi kapena Elizi, ndipo pofika sabata yachiwiri ya Sitandade 1 mnyamatayo adzakhala Eliza kwa anzake onse. Wowerenga monga lalembedwera adzati Aliyesi, wina adzalemba Eliyasi, ndipo agogo adzayesa kuti A woyambayo ndi waulemu, n'kumadabwa kuti khanda la dzulodzuloli layamba liti kutchedwa a Liyesi. Akafunsa tanthauzo n'kuuzidwa kuti ndi nkhosa, adzamva zosiyana kotheratu ndi zimene kholo linkafuna, chifukwa kwathu kuno nkhosa ndi chifaniziro cha kufatsa ndi kutsatira, nyama yopita kokaphedwa osalira. Dzina limene ku Chicago likunena za mtsogoleri, ku Dedza likunena za wotsogoleredwa.

Sindikuti nyenyezi n'zosayenera kutchulira ana. Makolo athu ankalidziwa thambo ndipo adalitcha mayina. Nthanda ndi nyenyezi yowala ya mbandakucha imene inkadzutsa apaulendo ndi alimi. Nsangwe ndi kagulu kothithikana kaja kamene Angerezi amati Pleiades. Akamwiniatsatana ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija, dzina limene munthu wa kwina sangalimvetse mpaka atadziwa za chikamwini. Mlalang'amba ndi mkwasa woyera wodutsa pakati pa thambo usiku wopanda mwezi. Omasulira Buku Lopatulika adawapeza mayina amenewa ali kale m'kamwa mwa anthu, ndipo ena mwa iwo adawagwiritsa ntchito m'buku la Yobu. Kholo lofuna dzina lachilendo, lokoma, losowa m'kalasi, lochokera kumwamba, lingathe kutcha mwana wake Nthanda kapena Nsangwe, ndipo agogo adzalitchula bwino tsiku loyamba lomwelo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ana athu ambiri a Fomu 4 angathe kutchula zizindikiro zonse 12 za m'nyuzipepala, koma sangaloze Nsangwe ndi chala.

Amene afuna kuiona nkhosayo ndi maso ake asaifunefune mu Malichi kapena Epulo, chifukwa nthawi imeneyo imakhala pafupi ndi dzuwa. Nthawi yabwino ndi kumayambiriro kwa Disembala cha m'ma 9 koloko usiku, mitambo ya mvula ikapereka mpata. Yang'anani kumpoto, mukweze maso kupitirira pang'ono theka la mtunda wochokera pansi kufika pamutu, ndipo mupeze Nsangwe. Tambasulani dzanja ndi zala zomwe, chala chaching'ono cha dzanja lamanja chikhale pa Nsangwe. Chakumanzere, pafupi ndi pamene pafika chala chachikulu, mudzaona nyenyezi yofiirira pang'ono. Imeneyo ndi Hamal, dzina la Chiarabu lotanthauzanso nkhosa, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 66 kuti kufike m'maso mwanu. Pafupi nayo pali Sheratan, ndipo pambali pa Sheratan pali ina yozimirira, Mesarthim, imene Robert Hooke adaiona ndi makina oonera kutali mu 1664 n'kupeza kuti ndi nyenyezi ziwiri zogundizana. Nyenyezi zitatu zimenezi, zopanga kamzere kokhota, ndizo zooneka bwino pa gulu lonselo. Aphunzitsi a sukulu zogonera komweko angathe kutulutsa ana pabwalo la mpira usiku umodzi teremu isanathe, n'kuwafunsa kuti aliyense ajambule nyama imene akuiona pamenepo.